Sewero lachitika, ana aseka, koma Chingerezi sichinalowe: tikonze pati?

Dandaulo ili limamveka kawirikawiri aphunzitsi akakumana ku TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi a m'dera) kapena akamamwa tiyi nthawi ya buleki. Munthu wauzidwa kuti masewero amamasula ana pakamwa, iye n'kuvomera. Wasankha ana 6, wawalembera mawu, ayeserera masiku angapo. Lachisanu aima kutsogolo, wina wavala jekete la bambo ake lofika m'mawondo, wina wadzipaka choko kumutu kuti akhale nkhalamba, kalasi yonse yafa ndi phwete. Lolemba mphunzitsi wanyamula kope n'kufunsa mwana wa pakati pa kalasi kuti, "How much is this?" Mwanayo wangoti zyoli, n'kumakanda desiki ndi chikhadabo. Ngakhale mwa 6 aja, yemwe Lachisanu Chingerezi chimangotuluka chokha, mukamusinthira liwu limodzi m'funso lomwe analoweza, wangoti kakasi.

Zikatere ambiri amangoti masewero n'kutaya nthawi, n'kubwerera ku bolodi ndi manotsi. Ine ndimaona kuti cholakwika si sewero ayi. Timatengera m'kalasi sewero la pa siteji, loonetsa anthu, pamene phunziro la chiyankhulo limafuna sewero lopanda oonerera, momwe mwana aliyense ali ndi chinthu chimene akuchifuna ndipo sangachipeze osatsegula pakamwa. Mavuto ambiri amene ndikambe pano gwero lake ndi lomweli. Zitsanzo ndazitenga ku sitandade 4 mpaka 8, chifukwa kwa zaka zambiri sitandade 5 ndiye pakhala polumphira, pomwe mwana amayamba kumva masamu ndi sayansi m'Chingerezi, koma za fomu 1 ku CDSS sizisiyana kwenikweni.

Yambani mwawerenga mphindi

Tiyerekeze piriyodi ya mphindi 35, ana 90. Gulu la ana 6 lachita sewero la mphindi 5. Aliyense wa iwo wayankhula osakwana mphindi imodzi, ndipo ana 84 sananene kanthu. Kuti magulu onse 15 adutse kutsogolo pakufunika mphindi 75, kuposa mapiriyodi awiri, chikhalirecho pofika gulu lachinayi palibenso amene akumvetsera. Tsopano ana omwewo muwaike awiriawiri, onse ayambe nthawi imodzi. Mu mphindi 5 zomwezo mwana aliyense wayankhula mphindi ziwiri kapena kuposa, ndipo mwatsala ndi nthawi yoti asinthe mnzake n'kubwerezanso kawiri.

Choncho musanaganize zina zonse, pa sewero lanu lotsatira imani pakona muwerenge milomo imene ikugwedera. Ngati siikufika theka la kalasi, matenda mwawapeza kale. Palibe anaphunzira kupalasa njinga poonerera akabaza akudutsa mumsewu. Merrill Swain, katswiri wa ku Canada, analemba za zimenezi mu 1985 ataona ana oyankhula Chingerezi omwe ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri. Kumva ankamva bwino kwambiri, koma poyankhula ndi polemba zolakwa zinkakanirira, ndipo iye anaona kuti chifukwa chimodzi n'chakuti m'kalasi sankakakamizika kutulutsa okha ziganizo. Mwana amazindikira kuti liwu lina alibe pokhapokha akalifuna n'kulisowa.

Kuonetsa kutsogolo musakuthetseretu, ana amakukonda. Kukhale kwa kumapeto, magulu awiri okha, ndipo asankhidwe mwamaere onse atayeserera kale, kuti pasakhale gulu lodziwiratu kuti ilo silidzaitanidwa. Oonerera nawo apatseni ntchito ya khutu: alembe mtengo umene ogula ndi ogulitsa agwirizana, kapena anene amene wanama.

Angoyamba pang'ono, abwerera ku Chichewa

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo mankhwala amene ambiri timathamangira, oopseza ndi kulanga, amangolikulitsa. Ena a ife tikukumbukira kakhadi kapena kachikwangwani kamene kankapatsidwa kwa wogwidwa akuyankhula chakwawo, iye n'kumasaka mnzake womupatsira. Chimene njira ija inkaphunzitsa bwino ndi kukhala chete mphunzitsi akayandikira.

Ana amathawira ku Chichewa pa zifukwa ziwiri, ndipo muyenera kudziwa chimene chakugwerani. Choyamba, ntchito yakula kuposa mawu amene ali nawo. Mukangoti "Chitani sewero la kumsika" mwawatuma ulendo wopanda kamba. Chachiwiri, palibe chowakakamiza. Onse awiri akudziwana, onse akudziwa mathero a nkhani, ndiye avutikirenji?

Pa choyambacho, chepetsani. Sewero limodzi, ziganizo zinayi kapena zisanu, zolembedwa pa bolodi, zonenedwa ndi kalasi yonse kangapo musanawagawe. Tinene za msika:

"How much is this?"
"It's too expensive."
"I only have three hundred."
"I can give you two for five hundred."

Pambali pake, pa katoni yomwe izikhala pakhoma chaka chonse, lembani mawu opulumukira: "Say it again, please." "I don't understand." "What is mphika in English?" "Wait." Mwana wokhala ndi mawu amenewa akatsamwa amakhala ndi pogwira, osati kudumphira ku Chichewa.

Pa chachiwiricho, bisani kanthu. Wogulitsa mupatseni kapepala ka mitengo komwe wogula sakuona, ndipo pansi pake mulembe mtengo wotsikitsitsa umene sayenera kudutsa. Wogula mupatseni zitsekerero za mabotolo 8, chimodzi chikhale K100, ndi kapepala ka zinthu zitatu zimene amayi amutuma: mulu wa tomato, sopo, mchere. Mukonze dala kuti pa mtengo woyamba ndalamazo zisakwane. Apa palibenso kuloweza. Wogula ayenera kufunsa, kumva nambala, kuwerenga zitsekerero zake, kunenerera. Wogulitsa ayenera kukana popanda kuthawitsa kasitomala. Katundu ndi miyala, makatoni a sopo, timapepala ta shuga topanda kanthu, zomwe zija za TALULAR (kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi), sipafunika ndalama ya sukulu.

Mwina mukuti, adzanenererabe m'Chichewa. Inde, ena adzatero. Chimene chimathandiza ndi kusandutsa mmodzi mwa awiriwo mlendo wosamva Chichewa. Wovala chipewa, kapena wopachika kakatoni pachifuwa, ndi mlendo wochokera ku Ghana kapena ku Nigeria wodzaona Nyanja ya Malawi, ndipo lamulo la sewero ndi lakuti akamva Chichewa amangoti, "Sorry?" Ana amakonda kwambiri kunamizira kusamva, moti amaumiriza lamuloli kuposa mmene inu mungachitire. Ndimanena dala za Ghana ndi Nigeria. Mlendo asamangokhala mzungu nthawi zonse, poti akatero ana amayamba kuyankhulira m'mphuno n'kumaseka, ndiponso ndi bwino adziwe kuti Chingerezi adzachigwiritsa ntchito kwambiri ndi Aafrika anzawo.

Njira ina ndi kuwaika atatuatatu. Wachitatu sayankhula, amagwira kope n'kumachonga nthawi iliyonse akamva chimodzi mwa ziganizo za pa bolodi. Amawerenga Chingerezi chimene chatuluka, osati Chichewa chimene chapulumuka. Kenaka amasinthana.

Pokonzekera, alekeni akambirane m'chiyankhulo chawo mphindi ziwiri: ndani akhala ndani, tiyambira pati. Sikulakwa kumeneko. Ku Mangochi kapena ku Machinga, komwe mwana kwawo amayankhula Chiyao, ku Rumphi kwa Chitumbuka, ku Nsanje kwa Chisena, Chingerezi ndi chiyankhulo chachitatu kwa ana ambiri, ndipo kuwaletsa kuganiza m'chiyankhulo chimene amaganiziramo n'kuwamanga miyendo. Chofunika ndi malire omveka. Mukaomba m'manja kapena kuliza kabelu, msika watsegulidwa, ndipo mumsikamo ndi Chingerezi chokha.

Aloweza, ndipo akuimba

Liwu lake mukulidziwa, lija la "Good morning teacher, how are you teacher," lokoka phatikizo lililonse mofanana. Ana athu ndi akatswiri pa kuloweza, angathe kunena tsamba lonse osaphonya osadziwa kuti likuti chiyani. Kuti mudziwe ngati mwagwa m'mbuna imeneyi, lowani m'sewero mwadzidzidzi n'kuyankha zosiyana ndi zolembedwa. Wogula akati "How much is this?" inu muti, "Sorry, it's finished." Akapitiriza kuti "It's too expensive," mwadziwa.

Kuloweza pakokha si mdani, ndi poyambira. Cholakwika n'kuthera pomwepo. Ziganizo zikakhala pa bolodi, fufutani mawu awiri, anenenso. Fufutani ena atatu. Pomaliza patsale timizere tokha, iwo akunenabe. Zikatero sinthani chinthu chimodzi: tomato wasanduka nsapato, mtengo wakwera, wogulitsa alibe chenji.

Kuti nyimbo ija ithe, chiganizo chomwecho achinene m'mitima yosiyana. "Give me my change" monong'ona, chifukwa mwana wagona kumsana. "Give me my change" mokalipa, kondakitala akunamizira kuiwala. "Give me my change" mothamanga, minibasi yayamba kale kuyenda. Mwana wabwereza kangapo osatopa, ndipo kakomedwe ka liwu kayamba kutsata tanthauzo. Apa pali chinthu chimene buku silingathe kuchita koma sewero limatha. Chichewa chimakoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza, pamene Chingerezi chimagogomeza liwu limene likunyamula nkhani. "I didn't take your pen" limasintha tanthauzo malinga ndi pomwe mwamenya: mukamenya pa "I" ndiye kuti watenga ndi wina, mukamenya pa "pen" ndiye kuti mwatenga china osati cholembera. Mwana amene akuimbidwa mlandu m'sewero amakumva kusiyanaku msanga kuposa amene akukopera lamulo lake mu kope.

N'chifukwa chake ndimakonda bwalo la milandu kwa sitandade 6 kupita m'tsogolo. Mbuzi yadya chimanga cha eni. Gulu la ana 5: amfumu, nduna, wodandaula, mwini mbuzi, mboni. Aliyense alandira kapepala kake kamene anzake sakuona. Wodandaula: unapeza mbuzi m'munda m'mawa, yadya mizere itatu. Mwini mbuzi: unaimangirira madzulo, koma chingwe chinali chakutha, ndipo sukufuna kuti zimenezi zidziwike. Mboni: unaona mbuzi ziwiri, osati imodzi. Pa bolodi pali aneni a nthawi yapita okhaokha: ate, saw, tied, broke, ran, found. Ntchito ya nduna ndi kufunsa: "Where were you?" "What did you see?" "When did you tie the goat?" Mbali ya nduna izizungulira kuti aliyense aigwireko, chifukwa mafunso ndiwo amavuta. M'Chichewa timangoika "kodi" kutsogolo, kapena "chiyani" kumapeto, mawu ena onse ali m'malo mwake, motero mwana amati "You saw what?" Chingerezi chimafuna atembenuze n'kulowetsapo "did". Pomaliza amfumu agamule, ndipo magulu ayerekeze zigamulo zawo. Sizifanana, ndipo mkangano wotsatirapo ndi phunziro linanso.

Ndi ana omwewo tsiku ndi tsiku, ena ali duu

Kalasi iliyonse ili ndi ana anayi kapena asanu omwe dzanja limakhala m'mwamba musanamalize funso. Musawazimitse, koma asinthireni ntchito. Mmodzi akhale wonong'oneza, woima kumbuyo kwa mnzake wofooka n'kumamuponyera liwu akatsamwa, koma pokhapokha mnzakeyo atamugwira dzanja kupempha. Wina akhale mlendo wosamva Chichewa uja.

Za ana achete tisafulumire kuti ndi aulesi kapena ogona. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno anaphunzitsidwa kusayang'ana wamkulu m'maso ndi kusayankhayankha pagulu. Tsiku lina tikumuuza kuti aime pamaso pa anthu 90 akalipire "kondakitala" m'chiyankhulo chachilendo. Awiriawiri aja amachotsa kale theka la manyazi, poti palibe akumuyang'ana. Kwa otsalawo yambani ndi thupi, pakamwa patsatire. James Asher wa ku America anakonza njira yotere m'zaka za m'ma 1960, yomwe amaitcha Total Physical Response: mphunzitsi amalamula, ophunzira amachita, osakakamizidwa kuyankhula mpaka atakonzeka. "You are carrying a heavy bucket. Walk slowly. It's raining. Run. You slip." Kalasi yonse ikuchita, ndipo inu mukuona ndi maso amene wamva ndi amene akuonera kwa mnzake. Pakapita masiku, wolamula akhale mwana.

Chinanso chosavuta ndi chithunzi choima. Gulu lipange ndi matupi awo chithunzi cha nkhani, kalulu atagwidwa pachitsime, n'kuuma gwa osagwedera. Mukagwira phewa la mmodzi, anene chiganizo chimodzi chokha cha zimene akuganiza: "I am thirsty." "I am not afraid." Chiganizo chimodzi n'chotheka ngakhale kwa wamanyazi kwambiri. Nthano zathu zimathandiza pano chifukwa nkhani akuidziwa kale kuchokera kwa agogo, nzeru zonse zimapita ku mawu.

Ana ena amayankhula bwino akabisala. Sokosi yakutha yosokerera mabatani awiri ikavalidwa kudzanja, wolakwitsa ndi chidole, osati mwini dzanja. Koma pa zophimba kumaso chenjerani. Mabuku ena akunja amalimbikitsa zigoba, koma ku Dedza, ku Mchinji, ku Kasungu, ku Lilongwe ndi madera ena komwe Gule Wamkulu ndi wamoyo, kuveka mwana chophimba nkhope si nkhani yamasewera, ndipo mutha kudzayankha mafunso kwa amfumu kapena kwa makolo a mbali zonse, olowa ndi opemphera omwe. Chipewa, mpango, chitenje, kapena kakatoni kolembedwa dzina la mbali yake n'zokwanira.

Atsikana a sitandade 7 ndi 8 akayamba kukana masewero, onani mbali zimene mukuwapatsa. Mtsikana mukamuchititsa "mkazi wa uje" kwa mphindi zisanu, dzinalo limamukanirira teremu yonse, mpaka kudambo kotunga madzi. Siyani za banja. Mupatseni udokotala, upolisi wa pamsewu, ufumu, ndipo ngati kukhala ndi mnyamata kukumumanga, ayambe ndi mtsikana mnzake.

Phokoso ndi kuchepa kwa malo

Ana 90 akuyankhula pamodzi ndi phokoso, palibe kuchitira mwina, makamaka pansi pa malata opanda siling'i. Uzani ahedi ndi aphunzitsi a kalasi yoyandikana tsiku lisanafike, kuti asabwere akuthamanga poyesa kuti mwatuluka. Phunzitsani chizindikiro choimitsira musanayambe sewero loyamba, ndipo muchiyeserere chokha kangapo: inu muomba m'manja katatu, iwo ayankha kawiri n'kuuma pomwe ali. Nthawi ikhale yaifupi. Mphindi zitatu zikakwana imitsani, ngakhale zikukoma, chifukwa Chingerezi chikawathera chotsatira ndi chibwana.

Ngati madesiki sasunthika, a mzere woyamba atembenukire a mzere wachiwiri, basi. Kunja kukakhala kouma, pansi pa mtengo apange mizere iwiri yoyang'anizana. Mukaomba m'manja, mzere umodzi usunthe phazi limodzi kumanja, wakumapeto athamangire koyambira, aliyense wapeza kasitomala watsopano.

Kukonza zolakwa popanda kupha sewero

Pali aphunzitsi amene amadula mwana pakati pa chiganizo, ndipo pali ena amene sakonza konse poopa kumugwetsa mphwayi. Onsewa akutaya. Sewero lili mkati, yendani ndi kapepala, muzimva n'kumalemba, osanena kanthu. Mukaimitsa, sankhani zolakwa ziwiri zokha zimene mwazimva kwa ambiri, mulembe pa bolodi osatchula mwini, kalasi ikonze, kenaka abwerezenso sewero lomwelo ndi mnzawo wina. Kubwereza kumeneku ndiye mtima wa phunziro, ndipo n'kumene ambiri timadumpha belu likatipanikiza. Ndi bwino kufupikitsa zoyambirira kuti kubwereza kupeze malo.

Zolakwa zambiri mungazilosere musanalowe m'kalasi, chifukwa zimachokera ku Chichewa. "Iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndiye "he" ndi "she" amasokonekera. Pa mlandu wa mbuzi uja, onetsetsani kuti wodandaula ndi mtsikana, mwini mbuzi ndi mnyamata. Mboni ikati "he" pofuna kunena "she", mlandu wagwera wosalakwa, amfumu afunsa kuti "Who? Him or her?" ndipo mwana waona yekha kuti kaliwu kaja kali ndi ntchito. Chimodzimodzi l ndi r, zomwe kwa ife ndi liwu limodzi: wotumidwa kukauza anthu kuti "pray" iye n'kunena "play", anzake achite zomwe amva. "Borrow me your pen" imatha msanga mukapanga sewero la wobwereka ndi wobwereketsa pomwe wobwereketsa saloledwa kupereka mpaka amve "lend".

Koma musalimbane ndi chilichonse. Mwana akawonjezera kaliwu kumapeto, n'kunena "booku" kapena "schoolu", poti maphatikizo a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo mnzake wamumva, zisiyeni lero. Yambani ndi zimene zikusokoneza uthenga.

Nthabwala zikalanda phunziro

Ife tinakulira pa Izeki ndi Jakobo, ana a lero akukulira pa timavidiyo toseketsa ta pa foni, ndiye mwana akamva kuti "sewero" amamva kuti "seketsa anthu". Mukawasiya okha, pasanathe mphindi pabwera woledzera akudzandira, ndipo kuledzera sikufuna Chingerezi. Choipa kwambiri n'chakuti kuseka kumatembenukira kwa wachibwibwi, wolumala, kapena kayankhulidwe ka mtundu wina. Ikani lamulo tsiku loyamba: timaseka zochitika, sitiseka munthu, ndipo woseka Chingerezi cha mnzake ndiye atenga mbaliyo. Mbali muzigawa ndinu, pa kapepala, ndipo iliyonse ikhale ndi chofuna chake chomveka. Mwana amene akufuna sopo ndi zitsekerero zosakwana alibe nthawi yodzandira.

Kwa ana akuluakulu mutha kubwereka nzeru ya Augusto Boal wa ku Brazil, yemwe ankalola oonerera kuimitsa sewero n'kulowa m'malo mwa wosewera kuti ayese njira ina. Wodwala wafika kuchipatala, akulephera kufotokoza pomwe pakupweteka. Aliyense woganiza kuti angafotokoze bwino anene "Stop," alowe. Nkhani imodzi imabwerezedwa kanayi, mawu akuwonjezekera, ndipo oonerera akumvetsera chifukwa akudikira mpata wawo.

"Nanga Chingerezi changa chomwe chikandithera?"

Funso ili silinenedwa mokweza, koma ndilo limaletsa aphunzitsi ambiri. Buku limateteza, poti mawu onse ali pa tsamba, pamene m'sewero mwana angafunse chilichonse. Yankho ndi lomwe lija la ana: chepetsani. Ziganizo zinayi mwazikonza usiku, mwazinena mokweza kunyumba. Mwana akafunsa liwu lomwe mulibe, lilembeni pakona ya bolodi m'Chichewa, mudzabwere nalo mawa. Ana sanyoza zimenezo, amanyoza kunamizidwa.

Ndipo lowani m'sewero inu eni. Dorothy Heathcote, mphunzitsi wa zisudzo wa ku England, anatchuka ndi njira yoti mphunzitsi atenge mbali m'nkhani, kawirikawiri ya munthu wofuna thandizo, ana n'kukhala akatswiri. Valani chipewa, mukhale mlendo wosochera wofuna njira ya kuchigayo. Mlendoyo samva msanga, amasokoneza kumanja ndi kumanzere, amabwereza molakwika: "So I turn left at the borehole?" Kalasi yonse ikuwa, "No! Right!" Mwa njira imeneyi mumakonza zolakwa osatuluka m'sewero, poti mlendo ali ndi ufulu wofunsa kuti "Sorry, he or she?" Mukavula chipewa, mwabwerera pa uphunzitsi. Ana a sitandade 4 amamvetsa lamulo la chipewa tsiku loyamba lomwe.

Silabasi, mayeso ndi makolo

Mayeso a PSLCE a MANEB ndi olemba, palibe amene adzafunse mwana kuti anenerere tomato. Choncho ahedi kapena kholo akafunsa kuti masewerawa akupita kuti, funsolo ndi loona, musakwiye. Sewero lichokere mu sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa ya teremu, osati pambali pake. Onani mutu wa sabata imeneyo m'buku: ngati ndi nthawi yapita, mlandu wa mbuzi, ngati ndi kulozera njira, mlendo wosochera. Mu lesoni pulani mulembe chiganizo chenicheni chimene mwana azitha kunena pomaliza, kuti a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera aone chimene mukusaka.

Ndipo sewero lililonse lithere mu kope. Mphindi 5 zomaliza, aliyense alembe ziganizo zitatu za zimene zachitika: anagula chiyani, pa mtengo wanji, chinakanika n'chiyani. A sitandade 7 ndi 8 alembe chigamulo cha amfumu, kapena kalata ya wodandaula, kapena asandutse mawu a mboni kukhala ongofotokoza: "She said that she saw two goats." Chimangirizo chimavuta ana ambiri chifukwa alibe chonena. Amene wangotuluka pa mlandu ali nacho.

Zisudzo za pa siteji zili ndi malo ake. Mipikisano ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, m'sukulu za sekondale yatulutsa anthu odziwa kuyankhula ndi kusewera kwa zaka zambiri, ndipo kalabu ya zisudzo ya masana ndi chinthu chabwino kukhala nacho pa sukulu. Koma kalabu imatenga ana 15 okonda kale, pamene piriyodi ya Chingerezi ndi ya onse olembedwa mu rejisitala.

Kuti mudziwe ngati zakonzeka, musadalire kuseka kapena kuomba m'manja. Pakatha sabata, tsegulani rejisitala, sankhani manambala 5 osayang'ana maina, monga 7, 23, 41, 58 ndi 80. Aitaneni mmodzimmodzi pa tebulo anzawo akulemba, muwapatse nkhani yofanana ndi ija koma yosinthika pang'ono: m'malo mwa msika, akugula tikiti ya basi, ndipo ndalama yapereweranso. Chongani zinthu ziwiri zokha, ngati wafunsa funso payekha, ndiponso ngati wayankha zogwirizana ndi zimene inu mwanena. Akatha anayi kapena onse, pitani ku mutu wina. Akatha awiri, musasinthe sewero. Chotsani chiganizo chimodzi pa zinayi zija, bwerezani msika womwewo ndi anzawo atsopano, ndipo sabata yamawa musankhe manambala ena.